Benchi ya Osadziwika

Ndinamuuza. Mulungu ndi mboni yanga, ndinamuuza tsiku loyamba lomwe, akupukuta nsapato pakhomo. Ndinati, "Amuna anga, kumeneko ukakapeza kabati yotseka, ukaisiye yotseka. Amene anaitsekayo anali ndi chifukwa."

Mdzukulu wanga anaseka. Ine ndimamuti amuna anga kuyambira ali wa matewera, koma anthu onse amamuti Kabuku, poti ali mwana ankagona buku lili pankhope.

"Agogo, inu chilichonse ndi chenjezo," anatero. "Dzana munati ndisakakhale pampando wa Abusa Aakulu. Dzulo munati ndisakamwe tiyi kwa mayi wamasiye ndili ndekha. Lero ndi makabati. Mawa mundiletsa chiyani, kupuma?"

"Kupuma uzipuma, koma pang'onopang'ono."

Kabuku anali atatha zaka zinayi ku koleji ya ubusa. Ine ndinkayesa kuti munthu akamaliza sukulu ya ubusa ndiye kuti ndi m'busa basi, monga wophunzira kusoka akamaliza timamuti telala. Ayi ndithu. Kuli chaka china, akuti choyesedwa. Umakhala pansi pa m'busa wamkulu. Umalalikira koma subatiza, umayendera odwala koma sugawa mgonero, jekete umavala koma kolala yoyera ija ayi. Chakacho chikatha, a kulikulu la mpingo akakhutira nawe, ndi pamene amakusanjika manja n'kukudzoza. Ndinamufunsa kuti, nanga panopa ndiwe ndani? Anati, "Ndine wophunzira ntchito, agogo." Ine sindinamvebe. Anthu kutchalitchi anangomutcha Abusa Aang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anamutumiza kutchalitchi chathu chomwechi, chimene ndapempheramo kuyambira ndili mtsikana, chifukwa kwina kunalibe nyumba yomupatsa, pomwe kuno bedi lake linalipo kale. Anthu anati ndi mwayi. Ine mtima unangoti myuu. Tsiku lodzozedwa mwanayu ndinkalidikira ngati mvula yoyamba, ndipo nsalu yodzavala tsikulo inali kale mu sutikesi. Koma mu sutikesi momwemo, pansi pa nsaluyo, munali kachitini, ndipo m'kachitinimo munali pepala limene ndinalisunga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osalionetsa munthu. Ine kusukulu sindinapondeko. Zolembedwa papepalapo sindinkazidziwa, komanso sindinkafuna kuzidziwa. Chimene ndinkadziwa n'chakuti ndi pepala la ubatizo, ndi kuti kudzozedwa kwa Kabuku kukhoza kudzapunthwa pamenepo.

Miyezi yoyamba zinayenda. Lamulungu ankalalikira mapemphero a m'mawa, aja obwera anthu ochepa. Lachitatu masana ankaphunzitsa akulu a mpingo ndi aphunzitsi a Sande sukulu m'chipinda cha abusa, kuseri kwa tchalitchi. Lachitatu ndi tsiku langa losesa, ine ndi mnzanga Anamaluwa, amene akhala akuika maluwa paguwa kwa zaka makumi anayi. Choncho ndinkamva zonse, tsache lili m'manja. Chipindacho chili ndi tebulo lalitali limene mwendo umodzi unachirikizidwa ndi njerwa, bolodi yosweka pakona, ndowa yolandira madzi a denga lodontha, ndi kabati yamatabwa yotalika kuposa munthu. Kiyi wa kabatiyo amakhala pachingwe m'khosi mwa Alembi a mpingo, bambo wopuma ntchito ya kupositi.

Vuto linayamba ndi a ku koleji. Akuti woyesedwa aliyense azilemba lipoti lalikulu, kusonyeza kuti zimene anaphunzira zikugwira ntchito pampingo. Kabuku anasankha kulemba za ubatizo. Nditamva mawu amenewo tsache linandipulumuka.

Lachitatu lina, kalasi itatha, anaima patsogolo pa kabati ija.

"Alembi, umu muli chiyani?"

"Mabuku."

"Mabuku anji?"

"Akale."

"Ndingawaoneko?"

Alembi anagwira chingwe cha m'khosi n'kuyang'ana Abusa Aakulu. Iwo anali atakhala pampando wawo, miyendo yotupa ataisanjika pa kampando kena, monga amachitira shuga akawavuta.

"Mwana wanga," anatero Abusa Aakulu, "mmenemo ndi kaundula wa obatizidwa, kuyambira tsiku limene anakhoma denga ili. Ine pano ndakhala zaka khumi ndi zinayi. Ndimatsegula buku lapamwamba lokha, lolembamo atsopano. Am'munsiwo ndimangowapatsa moni."

"Nanga nkhosa zanu mumazidziwa bwanji, abusa?"

"Ndi fungo."

Onse anaseka kupatula Kabuku. Ine ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso, mpaka Anamaluwa anandimenya kumsana. Kabuku sanacheuke n'komwe. Anatambasula dzanja, Alembi n'kuvula chingwe.

Chitseko cha kabati chitatseguka, panayamba kutsika dothi, kenako mapiko a tizilombo. Mabuku apamwamba anali bwino. Apakati anali atamwa madzi a denga n'kuuma, masamba onse kumatirirana ngati njerwa. Am'munsi chiswe chinali chitachitamo ukwati. Kabuku ananyamula limodzi, m'manja mwake n'kutsala chikuto chokha.

Anawabweretsa kunyumba m'makatoni, nawayala patebulo langa lodyera. Masabata atatu tinkadyera pamiyendo. Iye ankatsegula tsamba ndi mpeni wa buledi, kuwerenga, kulemba mu kompyuta, kupukusa mutu. Tsiku lina anandiitana.

"Agogo, zaka khumi ndi chimodzi kulibe. Zina zakale kwambiri, zina zapakati. Ngakhale chaka changa chobadwa chinadyedwa. Koma ine ndilibe nkhawa, paja pepala langa munati muli nalo?"

Ndinamuuzadi zimenezo ali wamng'ono, tsiku lina atandipanikiza ndi mafunso.

"Lilipo," ndinatero. "Kungoti kiyi wa sutikesi sindikumuona."

"Palibe kanthu, mudzam'peza."

Ndinatuluka panja kukaanula zovala zimene zinali zisanaume.

Lachitatu lotsatira analemba zinthu ziwiri pabolodi, ndipo poti ine sindiwerenga, ndinazimva pamene ankawauza kuti abwereze ngati ana a sukulu. Choyamba: ubatizo ndi umodzi, subwerezedwa. Chachiwiri: pa mgonero pamafika wobatizidwa yekha. Akulu a mpingo anavomera kuti inde, zimenezo timazidziwa. Iye anati, ngati mumazidziwa, mukudziwa bwanji kuti amene mukuwapatsa mkate ndi obatizidwa? Madzi okha mu ndowa, do, do.

Lamulungu analengeza. Aliyense amene dzina lake linadyedwa abweretse khadi lake la ubatizo. Wopanda khadi abwere ndi mboni ziwiri zimene zinaona ndi maso. Mayina adzaikidwa m'magulu atatu: otsimikizika, a mboni, ndi osadziwika. Osadziwika ayambe adikira kaye kulandira mgonero mpaka nkhani yawo itaunikidwa. Ine dzina langa linapezeka m'buku lina lomatirira, akuti linkaonekabe. Kabuku anadzilemba yekha m'gulu loyamba, pokhulupirira mawu anga.

Sabata imeneyo anthu anagwedeza matilesi ndi masutikesi. Ena anabwera ndi makhadi a kusikelo, ena ndi mapepala a katemera. Mayi wina anabwera ndi chithunzi cha khanda lovala zoyera, koma anakanika kunena ngati khandalo ndi iye kapena mng'ono wake. Madala awiri amene amakhala limodzi kumbali ya zenera m'tchalitchi anabwera atagwirana manja.

"Ine ndinaona uyu akubatizidwa," anatero woyamba. "Analira kwambiri."

"Inenso ndinamuona uyu. Anakodzera abusa."

Kabuku anayang'ana zaka zawo zobadwa. "Koma madala, mukusiyana miyezi itatu yokha."

"Eya. Ine ndinkaona msanga."

Alembi anaseka mpaka magalasi kugwa, koma Kabuku anawalemba onse awiri kwa osadziwika.

Kenako inafika nthawi ya Anamaluwa. Khadi lawo linapsa ndi nyumba kalekale. Mboni zawo zonse zili kumanda. Ine ndinawadziwa ali kale ndi ana awiri, ndiye sindikanawaikira umboni.

"Abusa Aang'ono," anatero, "inu ndinakusinthani thewera pabenchi iyo amayi a mvano akuimba. Ndiye lero ndine wosadziwika?"

"Amayi, ine ndikukudziwani. Koma buku silikukudziwani."

"Buku lake liti, lodyedwalo? Ndiye kafunseni chiswe. Chimandidziwa, chinandilawa."

Lamulungu lotsatira Anamaluwa anaika maluwa paguwa monga mwa masiku onse, kenako anayenda mpaka kumbuyo kwenikweni, kubenchi ya pafupi ndi chitseko, n'kukhala pamenepo. Osadziwika ena anawatsatira mmodzimmodzi, popanda wowauza. Anakwana makumi awiri ndi mmodzi. Ine ndinakhala kutsogolo ndekha, malo a mnzanga ali pululu, osadziwa koyang'ana.

Abusa Aakulu anayesa kukonza zinthu. Ndinawamva ndikupukuta mawindo.

"Mwana wanga, njira ilipo. Anzathu a mipingo ina amatero. Umatenga madzi n'kunena kuti, ngati sunabatizidwe, ndikukubatiza. Ngati anabatizidwa kale, Mulungu adziwa kuti madziwo angomutsuka kumaso. Lamulungu limodzi tathana nazo, anthuwa abwerere m'malo mwawo."

"Abusa, pepani, koma madzi a ngati mulibe m'chiphunzitso chathu. Tikatero ndiye kuti tikubwereza ubatizo mobisa. Ndalemba kale zimenezo mu lipoti, masamba asanu ndi limodzi, ndi mavesi omwe."

"Walemba kale?"

"Ndatumiza dzulo kulikulu."

Abusa Aakulu anatsitsa mwendo umodzi pa kampando, n'kuubwezeranso.

Yankho la kulikulu linabwera patatha mwezi. Kabuku analowa m'nyumba akuthamanga, kalata ili m'mwamba. Akuti lipoti lake ndi labwino kuposa onse a chaka chino. Akuti magulu atatu aja akhale momwemo, ndipo pasapezeke wobatiza ndi madzi a ngati, kufikira komiti yoona za chiphunzitso itakumana. Komiti imeneyo imakumana kamodzi pachaka, ndipo ya chaka chino inali itakumana kale. Chomaliza ndi chimene chinam'vinitsa: akuti akadzozedwa, adzapite ku koleji komweko akayambe kuphunzitsa a chaka choyamba za ubatizo.

"Agogo, ndidzakhala mphunzitsi wa abusa! Mwamva?"

"Ndamva. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."

"Ayambapo."

"Amuna anga, dzenje ukukumbali, unayamba wayeza miyendo yako? Bweza mabukuwo mu kabati. Uwauze a kulikulu kuti unalakwitsa kuwerenga."

"Agogo, mukuopa chiyani kwenikweni?"

Pamenepo ndi pamene ndikananena. Pakamwa panatseguka, koma munatuluka zina. Ndinati ndikuopa fumbi la mabukuwo, lingam'patse chifuwa.

Chimene ndinkaopa ndi ichi. Kabuku anabadwa mapasa, onse aamuna. Mayi wawo, mwana wanga, sanatuluke m'chipatala wamoyo, ndipo bambo wawo anapita kukafuna ntchito ulendo wosabwerera. Ndinatsala ndi makanda awiri ofanana ngati madontho a madzi. Kuti ndiziwasiyanitsa, ndinamanga kaulusi kofiira padzanja la wamkulu. Ali ndi miyezi iwiri, onse anatentha thupi. Ndinawasambitsa m'beseni limodzi kuti thupi lizizire, ndipo nditawatulutsa, kaulusi kanali kakuyandama m'madzi. Ndinawayang'ana, ndinawatembenuza, ndinawaitana mayina. Onse ankangolira mofanana. Ndinamanganso ulusiwo pa amene mtima unandiuza, koma mtima wanga tsiku limenelo sunali woti n'kuukhulupirira.

Masana ake kunabwera abusa a nthawi imeneyo, amene anatisiya kale, panjinga, mvula ikugwa. Anati abatiza wodwala kwambiri yekha, winayo ndidzapite naye kutchalitchi akachira. Anandifunsa dzina la wodwalayo, ine n'kutchula limene linabwera pakamwa, moti pambuyo pake sindinakumbukirenso kuti ndinatchula liti. Anatenga madzi m'kapu yanga ya tiyi. Ali pakati popemphera, amene ndinam'nyamula anayamba kubanika, ndinam'goneka pamphasa n'kunyamula mnzake, kenako winayo analira, ndinasinthanso. Abusawo maso anali otseka. Atatsegula anathira madzi pa amene anali m'manja mwanga. Analemba pepala, nakwera njinga yawo. Patatha masiku atatu mmodzi anamwalira. Pom'sambitsa, ulusi sunali pa iye, komanso sunali pa wamoyoyo. Ndinaupeza m'bulangete.

Wotsalayo ndinam'patsa dzina la wamng'ono, chifukwa anthu pamaliro ankati wapita ndi wamkulu, ndipo ine ndinalibe mphamvu zotsutsa. Kutchalitchi sindinapite naye kukabatizidwa. Ndinkati, bwanji ngati ndi yemwe anathiridwa madzi, ine n'kumubatizitsa kawiri? Nanga ndikafunsa, sadzati mayi uyu ndi wotani, wosadziwa adzukulu ake omwe? Ndinati ndidzafunsa mwezi wamawa. Mwezi wamawa unabala chaka, abusa aja anasamutsidwa, kenako tinamva kuti amwalira. Mwana anakula, analowa kalasi ya chikhristu ali kusukulu yogonera komweko, kumene anangomufunsa pakamwa. Ku koleji analowa ndi kalata ya Abusa Aakulu yonena kuti ndi mwana wa mumpingo. Palibe anafunsapo pepala. Munthu woyamba kufunsa mapepala pa tchalitchi chathu anali iye mwini.

Kutatsala masabata asanu kuti adzozedwe, a kulikulu anatumiza mndandanda wa zofunika. Anandiwerengera tikumwa tiyi m'mawa: satifiketi ya ku koleji, kalata ya Abusa Aakulu, kalata ya dokotala, zithunzi ziwiri, ndi khadi la ubatizo. Akuti chomalizachi achiwonjezera chaka chino, potengera lipoti lake lomwe.

"Ndiye kiyi uja, agogo?"

"Sanapezeke."

Anapita kukhitchini n'kubwera ndi mpeni uja ankatsegulira masamba. "Loko wake ndi wotha kale, ndingokanula."

"Usakanule." Ndinapisa dzanja m'kathumba ka m'chiuno n'kutulutsa kiyi. Anandiyang'ana.

Ndinachotsa nsalu ya tsiku lodzozedwa n'kuiika pabedi. Ndinatulutsa kachitini. Chivindikiro chinali chitachita dzimbiri, anachitsegula ndi mpeni womwewo. Pepala linali bwinobwino, chiswe sichinalione. Analitambasula pabondo. Ndinkayang'ana nkhope yake, poti ndi buku lokhalo limene ndimatha kuwerenga.

"Agogo, ili si langa. Ili ndi la achimwene, amene anamwalira aja."

"Ndiye lalembedwa dzina la wamkulu?"

"Simunkadziwa?"

"Ndikanadziwira kuti?"

"Chabwino. Langa lili kuti?"

"Pepala ndi lomwelo."

Ndinamufotokozera zonse, beseni, ulusi, kapu ya tiyi, maso otseka a abusa. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti ine sindinabatizidwe," anatero. "Si vuto lalikulu. Abusa andibatiza Lamulungu likubwerali."

"Mwina unabatizidwa."

"Koma dzina ndi la achimwene."

"Dzinalo ndinatchula ndine. Madzi anagwera amene anali m'manja."

"Anali ndani m'manja?"

"Sindikudziwa."

"Amene anamwalira ndi amene anathiridwa madzi?"

"Sindikudziwa, amuna anga."

Anaimirira, anakhalanso pansi. "Dikirani. Amene anamwalira ndi wamkulu. Zimenezo ndiye mukudziwa."

Ndinangoyang'ana kachitini.

"Agogo. Amene anamwalira ndi wamkulu, eti?"

"Anthu ankatero."

"Nanga inu?"

"Ine ulusi ndinaupeza m'bulangete."

Kenako anayamba kuwerenga ndi zala, ngati ali m'kalasi yake ya Lachitatu. "Ngati ndine wamng'ono, mwina sindinabatizidwe, mwina ndinabatizidwa ndi dzina la mnzanga. Ngati ndine wamkulu, pepalali ndi langa, koma masatifiketi anga onse ndi a munthu wakufa. Ndipo ngakhale ndili wamkulu, madziwo mwina anagwera winayo." Zala zinamuthera. "Agogo, ndiye ine ndine ndani?"

"Paja unati ndiwe wophunzira ntchito."

Sanaseke. Inenso sindinkaseka, zinangotuluka.

Ndinam'gwira dzanja. "Tamvera, ili ndi chenjezo langa lomaliza, sindidzakuchenjezanso. Bweza pepalali m'chitini. Abusa Aakulu akulembera kalata kuti khadi linatayika koma amakudziwa. Palibe adzafunse. Ine ndakhala chete zaka zonsezi, sindinafe nazo."

"Ndiye Anamaluwa ndiziwayang'ana bwanji ndili paguwa?"

"Uziyang'ana kudenga, abusa ambiri amatero."

Anapinda pepala, naliika m'thumba la jekete, n'kutuluka. Ndinam'tsatira ndi mpango kumanja, osaumanga n'komwe. Tinapeza Abusa Aakulu ndi Alembi m'chipinda muja, kabati ili yasa, yopanda kanthu. Kabuku anafotokoza ataimirira, ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Abusa Aakulu anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana ndowa.

"Mboni zilipo?" anafunsa Alembi, mwachizolowezi.

"Imodzi," anatero Kabuku. "Ndipo sikudziwa chimene inaona."

Abusa Aakulu anapuma mozama. "Mwana wanga, madzi ndi awo mu ndowa. Ndikanangoti, ngati sunabatizidwe, ndikukubatiza, tonse n'kupita kukadya. Koma pali mnyamata wina wanzeru analemba masamba asanu ndi limodzi, a kulikulu n'kudindapo chidindo. Ndikakubatiza ngati wosabatizidwa, mwina ndikubwereza. Ndikapanda kukubatiza, mwina tikudzoza munthu wosabatizidwa. Iweyo ndiye mphunzitsi wa zimenezi. Tiuze tichite chiyani."

Kabuku anayang'ana bolodi. Zinthu ziwiri zija zinali zikadalipo, palibe anafufuta.

"Tilembere kulikulu," anatero, mawu ali pansi.

A kulikulu sanachedwe kuyankha. Anati ayamikira kukhulupirika kwake. Anati kudzozedwa kwake kwaimitsidwa, ntchito ya ku koleji yapatsidwa kwa wina, ndipo nkhani yake aipereka ku komiti ija ikadzakumana chaka chamawa, pamodzi ndi ya anzake makumi awiri ndi mmodzi. Anati pakadali pano asalalikire, koma akhoza kupitiriza kukonza kaundula, poti ntchitoyo akuidziwa bwino. Ndinafunsa Alembi kuti, kodi komitiyo idzadziwa bwanji zimene ine mwini beseni sindikuzidziwa? Anati, "Mayi, kumeneko kuli anthu ophunzira." Mwina m'mabuku awo muli njira yofunsira ulusi. Ine sindidziwa.

Loweruka, Alembi anatulutsa mndandanda wa osadziwika kuti awonjezere. Anagwira cholembera, n'kuima.

"Abusa Aang'ono, pepani. Ndilembe dzina liti?"

Kabuku anaganiza. "Lembani onse awiri."

Ndiye pamndandandapo pali mayina makumi awiri ndi atatu, koma anthu ake ndi makumi awiri ndi awiri.

Lamulungu limene anzake anadzozedwa kulikulu, kwathu linali la mgonero. Nsalu ija ndinaibwezera mu sutikesi, ndinavala yakale. Kabuku analowa mochedwa, nyimbo yoyamba itayamba, wopanda jekete. Anaima pakhomo, akuyang'ana mpando wake wakutsogolo pafupi ndi Abusa Aakulu, kenako anakhotera kubenchi ya pafupi ndi chitseko. Inali yodzaza. Madala awiri aja anayang'ana kumbali ngati sakumuona. Anamaluwa anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kugunda mnzawo ndi chigongono.

"Tasenderani, abusa akhale. Kodi abusa, mwabwera nokha kapena muli awiri? Tidziwe malo osiya."

Anam'siyira kamalo kakumapeto, thako limodzi lili m'malere. Akulu a mpingo anayenda ndi mbale ya mkate mzere ndi mzere, kuyambira kutsogolo. Ine ndinatenga wanga n'kuugwira m'manja, khosi litapotolokera kumbuyo. Atafika pamzere wachiwiri kuchokera kuchitseko, mkulu wonyamula mbale, amene Kabuku ankamuphunzitsa Lachitatu lililonse, anaima pang'ono. Anayang'ana mphunzitsi wake, anayang'ana mbale, kenako anatembenuka monga anaphunzitsidwira, n'kubwerera nayo kuguwa.